Ndege Yomira Msanga

Agogo Harold akandibwerera m'mutu, chimayamba kufika ndi fungo: guluu womatira tindege tapulasitiki, buledi wopserera, chotenthetsera cha gasi chimene chinkangolira pakona tsiku lonse, ndipo pansi pa zonsezi fungo lina lolemera, la munthu amene thupi lake latha nthawi lisanaone madzi. Sanali agogo anga enieni. Anali mzungu wokalamba wa khomo loyandikana ndi lathu ku Handsworth, kuno ku England, kumene tinafikira amayi atapeza ntchito ya unamwino. Khoma lotilekanitsa linali lopyapyala moti akatsokomola ife tinkadziwa kuti adzuka. Amayi ndiwo analamula kuti ndiziwatchula agogo, poti kwathu mwana saitana munthu wa imvi ndi dzina lokha ngati mnzake wa phada.

Ndikaweruka kusukulu amayi ali kuntchito, ndinkakhala kwa iwo. Kudenga la chipinda chochezera kunkalendewera tindege tomangidwa ndi ulusi, tina ta mapiko awiri osanjikizana, tina ta mapiko opinda, ndipo basi ikadutsa mumsewu tonse tinkagwedezeka pamodzi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse agogo ankauluka m'ndege zonyamukira pa sitima zapamadzi. Malo awo anali akumbuyo kwenikweni, pa mfuti ndi wailesi.

Ine ndinali mtsikana wamakani, ndipo mpaka pano sindinachire. Anyamata a kusukulu anali ndi makadi a ndege zankhondo, khadi lililonse lolembedwa liwiro, mfuti ndi mtunda umene ndegeyo inkauluka, ndiye ankapikisana kuti yoposa inzake ndi iti. Ndinaloweza zonsezo kuti ndiziwatseka pakamwa. Kenako nzeru zanga zobwerekazo ndinkakazikhuthula kwa agogo, ngati nkhondoyo ndinamenya ndine. Ndinkawauza kuti Corsair ya Amereka inali mfumu, Zero ya Japani inkatembenuka mwachangu koma sinkachedwa kugwira moto, ndipo Swordfish imene iwo ankaikonda, ya mapiko ansalu ndi mipando ya pamtetete, inali ngolo chabe.

Ankaseka mpaka misozi. "Ngolo ndithu," ankatero m'Chingerezi chawo chotulukira m'mphuno. "Mphepo ikawomba kuchokera kutsogolo, mbalame zinkatipitirira." Koma ndikafunsa za Barracuda, ndege imene anawasamutsirako pambuyo pake, yothamangirapo komanso yotsekedwa bwino ndi magalasi, ankadzuka kukatereka madzi a tiyi. Kudenga kuja Barracuda kunalibe. Ine ndinkangoti ndi liuma la nkhalamba, kukana chilichonse chatsopano.

Mwana wawo wamkazi ankakhala ku Solihull. Akabwera ankatsegula mawindo onse, n'kumalankhula ndi amayi pakhomo motsitsa mawu. Ankafuna kuti bambo ake apite kunyumba yosungirako okalamba. Sanali munthu woipa, anali wotopa ndi wamantha. Agogo ankakaniratu. Mkazi wawo anamwalirira m'nyumba imeneyo, ndipo iwonso ankati adzatulukamo m'bokosi basi. Anthu a boma anati abwera kudzaona ngati angathe kudzisamalira okha, ndipo tonse tinkadziwa chimene chidzawagwetse. Kuphika ankatha, masitepe ankakwera. Koma m'bafa mwawo munali mutadzaza manyuzipepala akale. Zaka zonsezo ankangodzipukuta pa sinki ndi kansalu, ndipo manja atayamba kunjenjemera nazonso zinayamba kuwakanika.

"A social aja akangomva smell imeneyi, basi agogo apita ku care home," amayi anandiuza akusita yunifolomu. "Ife tili pompano, munthu wamkulu n'kumanunkha? Manyazi akewo ndi athu."

Tsiku loti mawa lake anthuwo abwera, amayi anachita zimene mkazi woleredwa bwino kwathu akanachita. Anatulutsa manyuzipepala, anakwecha bafa mpaka linayera, anadzazamo madzi otentha kufika m'milomo, n'kuika sopo ndi thaulo latsopano. Kenako anatsika, anagwada pambali pa mpando wa agogo monga ankachitira kwa apongozi awo ku Dowa, n'kuwauza kuti madzi apita. Agogo anawayang'ana nthawi yaitali. Ndikhulupirira kuti anachita manyazi kukanira mayi wogwada. Anadzuka, ine ndikuwatsatira pamasitepe nditanyamula zovala zawo zochapa.

Pakhomo la bafa anaima. Nthunzi inali itaphimba windo, ndipo madzi aja ankagwedezekabe pang'onopang'ono, akuoneka obiriwira. Agogo anagwira felemu la chitseko ndi manja onse awiri, kenako anakhala pansi pomwepo. Ndinaona buluku lawo likunyowa. Amayi anandiuza kuti nditsike, koma sindinasunthe, ndipo agogo atayamba kulankhula ankalankhula ndi ine.

"Thoko, makadi ako aja anaiwala chinthu chimodzi. Ndege ikagwera m'nyanja, imakupatsa nthawi yotani yoti utuluke?"

Anati Swordfish inali yosatseka pamwamba, ikagwa unkangoimirira n'kutuluka. Inawagwetsapo kamodzi, ndipo onse atatu anakwera m'kabwato kamphira akutukwana. Barracuda mapiko ake anali pamwamba, anthu awiri akumbuyo atakhala m'munsi mwake. Ikagwa, mapiko ndiwo ankatsala pamwamba pa madzi, anthu ali kale pansi. Pakati pankakhala mnzawo Davy, wolondolera njira, amene anamuikira mawindo aakulu m'mbali kuti aziona bwino nyanja. Tsiku lina injini inazima atangonyamuka pa sitima, kunyanja yozizira ya kumpoto. Woyendetsa anatuluka, agogo anatuluka.

"Ndinamuona pawindo lija," anatero. "Ankamenya galasi ndi chikhatho. Madzi anali oyera bwino, moti ndinapitiriza kumuona ndege ikutsika. Palibe mdani amene anatiwombera tsiku limenelo. Inali ndege yabwino kuposa ngolo ija, aliyense ankatero."

Amayi anathamanga kukazula chotsekera madzi cha m'bafa. Madzi anayamba kutuluka ndi mkokomo womeza uja, ndipo agogo anatseka makutu, n'kuweramitsa mutu pakati pa mawondo mpaka anatha. Ndinali ndisanaonepo amayi akulira kuno ku England. "Pepani agogo, pepani, sindinadziwe," ankangobwereza m'Chichewa, ataiwala kuti agogo sachimva. Pambuyo pake anawasambitsa kukhitchini ndi beseni ndi kansalu, chiwalo chimodzichimodzi monga ankachitira ndi odwala awo, ine atanditulutsa panja.

Mawa lake agogo anali aukhondo, atameta ndevu, atavala jekete. Fungo linali litachoka. Koma chimene chinatseguka pakhomo la bafa chija sichinatsekekenso. Amayi, amene anakhala nawo pamene ankafunsidwa mafunso, anandiuza kuti agogo analephera kutchula tsiku ndi mwezi, ndipo pakati pa nkhani anagwira mkono wa mayi wa boma amene ankawafunsayo n'kumufunsa ngati onse atuluka. Mayiyo anawasisita dzanja mokoma mtima, n'kulemba zimene anaona. Mwezi usanathe, mwana wawo anabwera ndi galimoto kudzawatenga. Tindege tija anadula ulusi wake n'kutiika m'katoni, tina mapiko atathyoka.

Tinakawaona kunyumba ya okalamba ija Lamlungu lina titachoka kutchalitchi. Tinawapeza pampando pafupi ndi windo, tsitsi lili mbee, akununkhira sopo, maso ali kutali. Sanandizindikire. Ndinayesa kuwaputa kuti Swordfish inali ngolo, koma sanaseke. Mtsikana wina wogwira ntchito kumeneko, wa ku Lusaka, atamva tikulankhula Chichewa anabwera akumwetulira.

"Timabasambika na hoist," anatero, akufotokoza za makina onyamula munthu m'malamba n'kumutsitsira m'bafa. "Bamakuwa maningi, bamaitana ati Davy, Davy. Koma after bamankhala clean."

Amayi anapita kukalankhula ndi mkulu wa pamalopo. Mkuluyo anawalonjeza kuti agogo aziwasambitsa ndi beseni. Kaya zinachitikadi masiku onse, sindikudziwa, poti antchito ankasinthasintha. Agogo anamwalira nyengo yozizira isanathe, ndipo pamaliro awo tinali anthu ochepa.

Ndinakwiyira amayi kwa nthawi yaitali, ngakhale ndinkadziwa kuti palibe munthu mumsewu wonse uja amene anawakonda agogo kuposa iwo. Mkwiyowo unatha, chisoni ndiye chinakana. Amayi anapuma pantchito ndipo tsopano amakhala kwa ine ku Walsall. Chichokere tsiku lija sanalowenso m'bafa lodzaza madzi, amasamba choimirira ndi ndowa, ndipo za chifukwa chake sitikambirana. Inenso ndikamasambitsa mwana wanga madzi amalekeza m'akakolo. Amadandaula kuti akuzizidwa, bambo ake amandiseka, koma ine ndimakhala pansi pambali pa bafa, dzanja langa lili pa chotsekera, mpaka atatuluka.