Tsache la a Guluu

Pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi pokwerera mabasi, pankakhala bambo wina wosoka nsapato amene aliyense ankangowatchula kuti a Guluu. Dzinali silinachokere ku kachitini komatira nsapato kaja ayi, linachokera ku khalidwe lawo. Akanena kuti nsapato yako udzatenge Lachitatu, Lachitatulo unkaipeza itapukutidwa kale, ndipo akagwira mfundo, ngakhale mutabwera mpingo wonse simukanawamatula.

Loweruka lililonse m'mawa, asanayale singano ndi nyundo zawo pakhondepo, ankayamba apita kukasesa m'tchalitchi. Anali ndi tsache lawolawo, lomanga ndi ulusi wa nsapato, limene ankalibisa kuseri kwa kabati ya mabuku a nyimbo. Ankayambira kuguwa, n'kulowa pansi pa benchi iliyonse, kupala chingamu chimene ana osamva amamata kunsi kwa thabwa, mpaka kukatulukira pakhomo. Amayi a mumpingo anayesa kuwalanda ntchitoyo, anagwa nayo ulesi. Abusa anabwera n'kupita, malata anasinthidwa, koma tsache la a Guluu silinajombe. Anthu ankati, "Uyu ndiye munthu wa Mulungu." Sankadziwa kuti chimene chinkawadzutsa bamboyu sichinali chikondi chokha, anali mantha.

Nkhani yake inali iyi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anabadwa miyezi isanakwane, wochepa moti mpaka atakula ankamutchulabe kuti Kabotolo. Anamugoneka m'kabokosi kagalasi, timapaipi tili m'mphuno. A Guluu atamuona kamodzi, anathawa kuchipatalako osapondakonso masiku angapo. Loweruka m'mawa analowa m'tchalitchi muli zii, n'kugwada pafumbi. Anati, "Ambuye, mukandisiyira mwana uyu, ine ndidzasesa nyumba yanu Loweruka lililonse mpaka imfa." Atatero anasesa, n'kulimba mtima kupita kuchipatala masana. Anakapeza timapaipi tachotsedwa, mwana akuyamwa. Sanauze munthu aliyense, ngakhale akazi awo, poopa kuti pangano likatuluka pakamwa lisukuluka.

Kuyambira tsikulo moyo wa Kabotolo unali pa tsache. Mwana akatsokomola pakati pa sabata, bambo ake ankafufuza m'mutu ngati anasiya kangaude pakona ina. Abusa akamalalikira kuti chipulumutso ndi mphatso, kuti chisomo sachigwirira ganyu, a Guluu ankagwedeza mutu kuposa onse, "ameni" wawo akumveka mpaka panja. Koma mumtima ankati zimenezo n'zakumwamba, tikadzafa. Pansi pano iwo anali asanaonepo nsapato yosokedwa ndi zikomo.

Ndiye chaka chino njinga yamoto inawagunda akuwoloka msewu, mwendo n'kuthyoka. Anawaika chikhakha kuyambira kuphazi mpaka m'ntchafu. Loweruka linawapeza ali chagada m'wodi, akuyang'ana denga, mtima ukugunda ngati wakuba. Kwa nthawi yoyamba chibadwire Kabotolo, m'tchalitchi munasesa anthu ena. Ndipo Kabotolo, amene tsopano anali pabanja, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Atawatulutsa, sabata yonse ankangoyang'ana foni. Ikalira, ankadzidzimuka mpaka ndodo zoyendera kugwa. Loweruka lotsatira m'mawa, akulimbana ndi kulowetsa chikhakha m'buluku kuti apite kutchalitchi zivute zitani, foniyo inalira. Anali mkamwini wawo.

"Bambo, tili kuchipatala ndi Kabotolo. Magazi athamanga kwambiri, wayamba kukomoka. Akuti amulowetsa ku opaleshoni pompano."

M'galimoto ya hayala a Guluu anagwira phewa la dalaivala. "Achimwene, tadzerani kutchalitchi kaye. Sindichedwa."

Akazi awo anawayang'ana ngati aona chilombo. "Kutchalitchi? Mwana ali pampeni, inu mukuti kutchalitchi? Adalaivala, musawamvere awa, njinga ija inawagundanso m'mutu. Tiyeni kuchipatala."

Anawakhazika pabenchi ya m'khonde lalitali, moyang'anana ndi chitseko cha opaleshoni. Mkamwini ankangoyendayenda, nsapato ya kumanzere itayasama kutsogolo, ndipo a Guluu kwa nthawi yoyamba anaona nsapato yong'ambika osaiganizira ulusi. Anamwino ankalowa ndi kutuluka osayang'ana munthu. Wina anadutsa akuthamanga ndi thumba la magazi. Thukuta linawatsika a Guluu m'khosi, m'chikhakha mukuyabwa, m'mutu mukungolira mawu amodzi: ndajomba kawiri, ndajomba kawiri.

Kenako kunatulukira mayi wosesa, atavala yunifolomu yobiriwira, akukankha tsache la mpini wautali. A Guluu anadzikoka n'kuimirira ndi mwendo umodzi.

"Amayi, pepani, tandibwerekani tsachelo."

"Mwataya chiyani, agogo? Ndisesa ndine."

"Ayi, ndisese ine. Pang'ono pokha, kuyambira apa mpaka pachitsekopo. Mwina andiwerengera." Anagwira mpini, mayi uja n'kukoka, ndodo imodzi n'kugwa pansi, anthu onse a pabenchi maso ali pa iwo.

Akazi awo anawagwira lamba n'kuwakhazika pansi mwamphamvu. "Bambo ake Kabotolo, mukundichititsa manyazi. Akuwerengereni ndani? Chakulowani n'chiyani lero?"

Apa ndi pamene guluu uja anamatuka. Anafotokoza zonse, mawu akuduka: kugwada kuja, pangano lija, mwana amene anakamupeza akuyamwa masana. "Ndine ndamupha mwanayu, mayi. Mulungu anasunga mbali yake zaka zonsezi. Ine ndaphwanya yanga."

Akazi awo anagwira pakamwa. Atayankhula, mawu awo anali otsika, koma aukali.

"Munalonjeza tsiku lanji?"

"Loweruka m'mawa."

"Loweruka. Inu abambo, timapaipi tija anachotsa Lachisanu. Lachisanu masana dokotala anabwera, n'kunena kuti mwana wapulumuka, ndimuyese bere. Anayamwa mpaka kugona. Ndinatuma mlongo wanga kuti akakuuzeni, anakakusowani pakhonde panu, kunyumba kulibe, poti munali kubisala ngati mwana woswa mbale. Pamene inu mumagwada Lowerukalo, mwana anali atakhuta kale."



"Zaka zonsezi ine ndimayesa mumasesa pothokoza," anapitiriza mayiwo, misozi ikutsika. "Ndimanyadira, ndimvekere mwamuna wanga amadziwa kuyamika. Kani mumalipira? Mumalipira chinthu chimene anakupatsani musanatsegule n'komwe pakamwa? Mulungu mumamuyesa kasitomala wanu?"

Kunena zoona, mawu amenewa sanawatonthoze a Guluu. Anawaopsa koposa. Tsache lija, ngakhale linkawadzutsa ndi mantha, linali chinthu chogwirika, choti munthu n'kuchitapo kanthu. Tsopano analibe pogwira. Ngati mwana sanasungidwe ndi tsache, ndiye kuti zaka zonsezi anali m'manja mwa Wina, ndipo lero analinso m'manja momwemo, manja amene sungawakakamize ndi fumbi la pansi pa benchi. Anayang'ana chitseko chija.

Dzuwa litapendeka, namwino anatuluka akuvula chophimba kukamwa. Anati Kabotolo ali moyo, wataya magazi ambiri koma wagona. Mwana ndi wamkazi, wochepa kwambiri, ndipo masiku akubwerawa ndi amene anene zoona. Mkamwini anakhala pansi pasimenti n'kulira ngati kamwana.

Anawalola kusuzumira pawindo la chipinda cha makanda. Munali kabokosi kagalasi, timapaipi m'mphuno, kachifuwa kakukwera ndi kutsika mofulumira. Wosoka nsapato amayamba kuona phazi, ndipo kaphazi kameneko sikankaposa chala chawo chachikulu. A Guluu anafunanso kuthawa monga kale lija, koma ndi chikhakha munthu sathawa. Anatsinzina, milomo n'kuyamba yokha.

"Ambuye, mukangotisiyira uyu, ine ndidza..."

Akazi awo anawatsina pamkono. "Mwayambanso malonda anu aja?"

"Nanga ndinene chiyani, mayi? Ndipite kwa Iye chimanjamanja?"

"Nanga uyu wabwera ndi chiyani?" anatero mayiwo, akuloza m'kabokosi.

A Guluu anayang'ana timanja ta mdzukulu wawo, totambasuka, topanda kanthu. Anayang'ana manja awo, akuda ndi guluu wa zaka zambiri, onse awiri atakangamira ndodo. Anatsamiritsa chipumi pagalasi lozizira.

"Ambuye," anatero, "tsache ndilibe. Chonde."