Zoyera za mu Ketulo

Ndinakulira ku Nangongwe, ndipo mpaka pamene amuna anga anadwala sindinadziwe kuti madzi amasiyana. Athu a pa pompi amachokera mu mtsinje wa Kafue. Nthawi ya mvula amabwera ofiira, masiku ena sabwera n'komwe, koma ukangopaka sopo pang'ono thovu limadzaza beseni.

Amuna anga ankagwira ntchito ku mafakitale. Mtima utayamba kuwavuta, miyendo n'kutupa, mlongo wawo wa ku Lusaka anati tikakhale kwa iye chifukwa chipatala chinali pafupi. Ndinanyamula zovala, bulangeti ndi ketulo yanga ya magetsi, poti iwo mankhwala ankamwera madzi ofunda basi.

Kwa alamu angawo madzi anali a pa boholo, opopa pansi pa nthaka. Pooneka anali oyera kuposa athu. Koma tsiku loyamba kuchapa ndinapaka sopo mpaka manja kuwawa, thovu osabwera. Pamwamba pa madzi pankangoyandama zotuwa. Malaya akauma ankalimba ngati chikopa. Nyemba zinkatha makala zisanapse. Patapita milungu ingapo, m'ketulo munayamba kumata zoyera, pansi ndi m'mbali, zokhakhala ngati chipupa chosapaka.

Ndinawaonetsa alamu. Anaseka kwambiri.

"Ba Kafue, simuziba? Ni manzi yathu, yali na laimu."

Anatsegula ketulo yawo, ndipo inali yoipa kuposa yanga. Anati ndiwiritsemo madzi a ndimu, zidzachoka. Sindinachite. Munthu amene ukusambitsa wodwala, kumutembenuza, kumudyetsa phala ndi supuni, suganiza za ndimu.

Tinakhala kumeneko miyezi inayi, ndipo amuna anga anamwalira ku chipatala.

Maliro tinabwera nawo kwathu. Katundu wa ku Lusaka anangomuunjika m'khitchini, ine anandikhazika pa matiresi m'chipinda chochezera, atandifunditsa chitenje kumutu monga amachitira ndi mkazi wamasiye. Zimene zinachitika m'khitchinimo ndinazimva pambuyo pake. Azakhali a amuna anga, ogulitsa nsomba ku Chanyanya, anafuna kuwiritsa tiyi. Atatsegula ketulo anaima. Anapala ndi supuni, zoyera zija n'kugwera m'dzanja lawo ngati ufa. Moyo wawo wonse amwa madzi a mu mtsinje, zotere anali asanazionepo. Anazikulunga m'kapepala n'kuyamba kuonetsa abale mmodzimmodzi, akunena kuti umu ndi mmene ndinkawiritsira madzi a mwana wa mchimwene wawo.

Palibe anandifunsa. Ndinangoona kuti amene ankakhala pafupi nane asendera kukhoma, ndipo nshima anayamba kundipatsa m'mbale ya ndekha.

M'mawa wa tsiku loika, amalume a amuna anga anandiitanira kuseri kwa nyumba. Panali abale asanu ndi awiri, ketulo ili pa mpando pakati pawo. Anati sindikhala pafupi ndi bokosi, sindiona nkhope, sindiika nkhata pamanda, pokhapokha ndinene chimene ndinkathira m'madzi. Ndinayankha kuti sindinathiremo kanthu, ndi madzi a ku Lusaka amachita choncho. Azakhali anati nawonso anapitako ku Lusaka, anamwa madzi, sanaonemo ufa. Ndinati uwo suoneka m'kapu, umatsalira ukawiritsa masiku ambiri. Wina anaseka.

Sindinade nkhawa, chifukwa mboni inali pomwepo. Ndinatembenukira kwa alamu.

"Alamu, auzeni. Munandionetsa yanu."

Iwo anayang'ana pansi, akukonza mfundo ya chitenje.

"Ine sin'nali kuona vonse. Benze kuwiritsa beka mu chipinda."

Sananame. Ndinkawiritsiradi m'chipinda, chifukwa ndi mmene munali wodwala. Koma mawu amene ndinkafuna anali ochepa, ndipo anali nawo m'kamwa.

Galimoto ya bokosi inafika tili pomwepo. Amalume anandiuza kuti ndikhale pamene ndili. Ndinamva kwaya ikuyamba, ndinamva mapazi a anthu akuzungulira kuona nkhope, ndinamva ana anga aakazi akulira. Amayi awiri a ku tchalitchi ndi amene anandigwira m'manja n'kundikweza basi yomaliza ya kumanda. Ndinaima kumbuyo kwa anthu. Nkhata yolembedwa kuti mkazi anaika ndi alamu.

Patatha sabata, mkulu wa mpingo amene anakhalapo ku Chilanga, pafupi ndi Lusaka, anamva nkhaniyi. Anapita kwa amalume n'kuwauza kuti kumeneko ketulo iliyonse imatero, ngakhale mapaipi amatsekeka nazo. Amalume anati aa, ndiye kuti kunali kusamvana. Azakhali anati iwo anangofunsa. Pa msika pali ena mpaka lero amene sagula tomato wanga.

Alamu anaimba foni patapita mwezi. Anati ndiwamvetse, mlongo wawoyo anamwalira akusungidwa kunyumba kwawo, akanati ndi madzi awo abale akanawatembenukira iwo. Anati anali ndi mantha. Ndinawauza kuti ndamva. Anafunsa ngati ndawakhululukira, ine ndinati ndamva.

Ine ndi amuna anga tinakhala m'banja zaka makumi atatu ndi ziwiri. Nkhope yawo ndinaiona komaliza pa bedi la ku chipatala, ali ndi chubu m'mphuno. Amene anawaona m'bokosi amati anawaveka bwino, tayi yabuluu, ndipo ankaoneka ngati agona. Ine ndimangomva kwa anthu.