Theka la Mawu a Adokotala

Linali khadi la pinki, lopinda pakati, ndipo mayi ankalisunga m'chitini chakale cha tiyi. Linkanunkha sipiliti wa kuchipatala. Pakona pake panali nambala 6 yolembedwa ndi bolopeni yofiira, atayizunguliza kawiri.

Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 5, kwathu ku Ntcheu. Bambo anali kumigodi ku Joni. Mayi anabereka mwana wakufa kale, nataya magazi ambiri, moti anagona m'chipatala cha mishoni masabata atatu. Tsiku lowatulutsa, adokotala anafunsa ngati pakhomo pathu pali wodziwa kuwerenga. Malume anandikankhira m'chipindamo, iwo n'kutsala panja pabenchi.

Adokotala anandionetsa nambalayo. Anati magazi a mayi wathanzi amayambira pa 12, tsono awa ali pa 6. Azimwa mapiritsi, ndiponso aziyenda pang'ono tsiku lililonse kuti miyendo isaume, koma mozungulira nyumba basi.

"Uziwayankhulitsa akamayenda," anatero. "Akalephera kumaliza mawu, akhale pansi. Ndowa ayi, khasu ayi, mtondo ayi, mpaka tidzawayezenso."

Titatuluka, malume anandifunsa zimene anena. Ndinayankha kuti akuti aziyenda tsiku lililonse kuti alimbe msanga. Ndinalekera pomwepo.

Musandiuze kuti ndinali mwana, sindinkadziwa. Ndinkadziwa bwinobwino. Masabata atatu aja madzi ndinkatunga ndine, kusinja ndine, kuphika ndine, ndipo aphunzitsi anali atandiuza pamaso pa anzanga kuti ndikajombanso ndibwereza kalasi. Ndinkafuna mayi abwerere ku ndowa yawo, ine ndibwerere ku sileti yanga.

Inali nthawi yotentha, mvula isanagwe. Nyenje zinkalira mpaka makutu kuwawa, ndipo mchenga wa m'njira unkaotcha kuphazi. Ndinawaikira mayi malire anga. Tsiku loyamba tinakafika pankhokwe. Tsiku lachitatu, pamtengo wa mango wa kumalire a munda. Sabata lisanathe ndinawatsitsira kudambo, kumene kunali chitsime, ndipo pobwerako panali chitunda. Malume ankandiyamikira kwa aliyense wobwera kudzazonda, ati mwanayu adzakhala nesi. Azimayi oyandikana nafe ankabweretsa madzi ofiira a masamba a mapeyala, akuti obwezera magazi, mayi n'kumamwa osakana. Koma zikhato zawo zinali mbuu, ngati chinangwa chosenda.

Poyamba ndinkawayankhulitsa ndithu, monga anandiuzira. Ndinkawafunsa za nkhuku, za kalata ya bambo. Pachitunda paja ankayamba mawu n'kuwasiyira panjira, pakhosi pawo pakugunda ngati pa buluzi ali padzuwa. Ndinaona, ndinamva. Chimene ndinachita n'kusiya kufunsa. Tinkakwera chitundacho tili chete, ine patsogolo, osacheuka.

Sabata lachitatu ananyamula ndowa okha, ine n'kupita kusukulu. Pobwera masana ndinapeza anthu ali pakhomo, mayi atawagoneka pamphasa, mapazi atatupa, akupuma ngati athamanga. Anagwera pachitunda. Ndowa inali pambali, yophwanyika m'mlomo. Anawatengera kuchipatala pangolo, ndipo patapita masiku awiri anatisiya. Adokotala anauza malume kuti mtima unatopa. Pakhonde adokotalawo anandiyang'ana nthawi yaitali. Malume anamwalira ali nkhalamba osadziwa, poti sindinawauze.

Lero ndine gogo wa zidzukulu zisanu, ndikukhala ku Mfuleni, kuno ku Joni, ndi mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Fish Hoek. Nyengo yozizira yapitayi ndinaterereka pakhomo n'kuthyoka fupa la m'chiuno, anandichita opaleshoni. Kuchipatalako kunali mtsikana wa fiziyo, amene amaphunzitsa odwala kuyendanso. Asanandidzutse ankayamba waona pepala la magazi. M'mawa wina anapeza 7, nati lero sitiimirira, gogo, pansi pa 8 sitikakamiza thupi, ingogwedezani mapazi muli pabedi pomwepo. Nambala itakwera kufika pa 10 anandiyendetsa pakhonde ndi chogwirira, kachipangizo koyeza kugunda kwa mtima katanditsina pachala, iye akundifunsa mayina a zidzukulu mmodzimmodzi. Ndinadziwa chimene ankamvetsera. Sanali mayinawo.

Kuchipatala sindilola kuti mwana wanga alowe yekha kukamva zanga. Ndimalowa, ndimauza adokotala abwereze kawiri, nambala ndimakopera ndekha m'kabuku kanga. Akandimasulira Chingerezi, ndimayang'ana pakamwa pa adokotala kuti ndione ngati zomwe anena n'zazitali mofanana ndi zomwe ndauzidwa. Tsiku lina mu takisi anandifunsa, "Amayi, ngakhale ine simundikhulupirira?" Ndinangoti ndimafuna kudzimvera ndekha. Ndi mwana wabwino, amadzuka kusanache chifukwa cha ine. Koma inenso anthu ankanditcha mwana wabwino.

Pali chinthu chimodzi chimene chinanditengera zaka kuti ndichione, ngakhale chinali poyera. Adokotala aja ankayankhula Chichewa, ndipo mayi anali atakhala pabedi pomwepo, pafupi moti ndikanatha kuwagwira bondo. Za ndowa anamva, za khasu anamva. Pamene ndinkauza malume theka lija, anali ataima kumbuyo kwanga, atatsamira khoma. Sanandikonze. M'mawa umene ananyamula ndowa, ndinaima pakhomo ndi sileti m'manja, kudikira kuti anene kuti sangathe. Iwo anaika nkhata pamutu, nati, "Thamanga, belu lilira usanafike."

Ndinathamanga ndikusangalala, poganiza kuti ndawapusitsa.