Ku Lione pa Maliro a Munthu Wamoyo

Ndinanyamuka ku Chiuaula, mu mzinda wa Lichinga, chifunga chisanachoke. Professora Zainabo, mphunzitsi, anali atandiimbira akulira: "Achimwene, bwerani ku Lione lero lomwe. Amjomba akuti akandinenera kwa akuluakulu a sukulu. Ntchito indithera."

Ndifotokoze kaye. Ine ndi Zainabo timalemba nkhani pa gulu la pa foni. Sabata iliyonse nkhaniyo imaima pamphambano, anthu n'kusankha njira yoyamba kapena yachiwiri, ndipo timatsata imene ambiri afuna. Iye amalemba yoyamba, ine yachiwiri, kenako timajambula mawu chifukwa ambiri kuwerenga kumawavuta. Mwini nkhani ndi Che Bwanali, wogula mbatatesi, wa njinga yamoto yofiira. Funso la sabata imeneyo linali lakuti: abwerere kapena awoloke mlatho wothyoka? Anthu anati awoloke. Njira imeneyo inali yanga, ndipo ndinamupha. Ndinajambula ngati uthenga wa maliro weniweni, Innalillahi ndi mawu onjenjemera omwe. Chimene sindinkadziwa n'chakuti dzinalo, njinga yomwe, Zainabo anabwereka kwa amjomba ake enieni, mlongo wa mayi ake.

Chapa yomwe ndinakwera inali galimoto yapululu, ya matayala osalala ngati chipumi changa. Kondakitala anati mtengo ndi cem meticais, ndalama zana. Ndinamuuza kuti ndi wakuba, n'kulipira.

Titangosiya phula n'kulowa mumsewu wa dothi lofiira, ndinaona kuti anzanga atenga katundu wachilendo: nkhuni, ufa m'mabeseni, ndipo bambo wina wa chipewa choyera anafukata nsalu yoyera.

"Kuli ukwati, amayi?" ndinafunsa amene anandikhalira paphazi.

"Ukwati wanji! Maliro a Che Bwanali. Agwa pamlatho."

Ndinafunsa msanga: "Mwamva kwa yani?"

Anatulutsa foni pachitenje n'kutsegula. Mawu anga! Wina anadula koyamba, kodziwitsa kuti ndi nkhani yopeka, n'kutumiza uthenga wa imfa wokhawokha. Azimayi anayamba kusisima. Ine ndikudzimvera ndekha ndikulengeza maliro pakati pa nkhuni.

"Simunaimbire achibale kaye?" ndinanong'ona.

"Bambo, ife timaika tsiku lomwelo. Ukamati ndifunse kaye, upeza jeneza lapita kumanda. Komanso foni yawo sikulowa."

Ingalowe bwanji, Lichinga yense akuimbira nthawi imodzi?

Wa chipewa uja anandiyang'anitsitsa. "Che, mawu anu ndawamvapo."

"Chimfine," ndinatero, n'kutsokomola. Kuyambira pamenepo ndinatseka pakamwa. Kondakitala anandiponda kawiri, ine chete. Amene amandidziwa sangakhulupirire.

Dzuwa litakwera tayala linaphulika pafupi ndi minda ya nyemba. Tinatsika, ndinagula chimanga chootcha cha meticais khumi, cholimba ngati miyala. Pamenepo bambo wina wovala jekete lachikopa anayamba kufotokoza kuti iye anaona zonse ndi maso ake. Njinga inatembenuka katatu, akuti, ndipo mbatatesi zinayandama pamadzi.

Apa ndiye ndinalephera kupirira. "Bodza! Mlatho wake uti? Mlathowo ndinaupeka ine, pakhonde panga! Che Bwanali ali moyo!"

 Kenako mayi uja anaimirira. "Ndiye ndinu? Ndasiya banka yanga yogulitsira pamsika, ndagula ufa, ndalira kuchokera ku Lulimile!" Wa nsalu yoyera anangoti, "Astaghfirullah," n'kundifulatira. Palibe amene anabwerera. Onse anati akaone okha, ndipo njira yotsalayo ndinakhala pa tayala lophulika lija, wopanda wondiyankhula.

Tinafika masana. Pabwalo anthu anali pikitipikiti, ndipo womwalirayo anakhala pampando pakhonde, maso ali psuu. Uthenga unawapeza ali kumunda wakutali. Pobwera anakumana ndi azimayi akuthawa poganiza kuti ndi mzukwa, anyamata atakumba kale manda kufika m'chiuno. Zainabo anagwada pambali, nkhope pansi.

"Ndiwe wandipha?" anandifunsa.

"Che, ine ndinangolemba. Anasankha ndi anthu."

"Anthu ake ati? Aimirire ndiwaone!"

Palibe amene anaimirira. Kenako akazi awo anatuluka m'khitchini, chikho kumanja. "Mmodzi ndine."

Che Bwanali anawatembenukira.

"Bibi, iwe?"

"Anafunsa ngati Bwanali angabwerere. Ndakhala nanu zaka zonsezi, munabwererapo pati? Ndikanasankha kubwerera ndikananama."

Che Bwanali anasisita ndevu. "N'zoona," anatero pomaliza. "Ndikanawoloka." Anthu anaphulika nako kuseka, ngakhale amene misozi inali isanaume.

Anatembenukira kwa Zainabo. "Dzuka, mwipwa wanga, kusukulu sindipita. Koma dzina langa ulibweze. Ndipo iwe wa mawu okoma, jambula pompano kuti ndili moyo. Ukatha, khasu ilo. Dzenje lokumbidwa silisiyidwa kukamwa."

Ndinajambula katatu, chifukwa ankati sindikumveka wokondwa. Kenako ndinakwirira manda ndekha, anthu a mu chapa aja atandizungulira, aliyense akundiuza pothira dothi.

Ndinabwerera madzulo pamwamba pa matumba a mbatatesi, manja ali matuza okhaokha. Nkhani ikupitirira, Zainabo akuphunzitsabe. Koma ndisanaphe munthu aliyense, ndimayamba ndafunsa kuti ndi mbale wa yani.