Maluwa a ufa pakhomo

Fungo la lubani m'shopu ina ku Rathmines lero landibwezera ku Beaumont, dera lina la mzinda wakunja womwewu, komwe tinkakhala ndili kamwana. Nyumba yathu tinkalowera khomo limodzi ndi nesi wina wachimwenye. M'mawa wina tikutuluka, tinapeza maluwa ojambulidwa pansi ndi ufa wa mpunga, kanyale kakuyaka pakati pake. Amayi anandifinya dzanja.

"Usaponde. Sitikudziwa kuti atchera ndani."

Basi ya kuntchito kwawo inadutsa ife tili chiimire. Kenaka nesi uja anatulukira, zala zili mbuu.

"Ndi dalitso la nyumba yonse, ndi inu nomwe," anatero m'Chingerezi.

Amayi anathokoza mwaulemu. Komabe anandinyamula n'kudutsa chammbali, msana ukukhula khoma, mtima wawo ukugunda patsaya langa.