Mapazi Anga M'lichero

Dzulo kuchipatala amayeza mayendedwe a ife omenya mateche kutulo, poti ena timadzadwala matenda onjenjemera. Ine, katswiri wowerenga timabuku ta matendawa, ndinaguba ngati msilikali kuti asandigwire. Adokotala anandibweza: "Bambo, yendani ngati mukupita kwanu."

Ndiye usiku kumaloto, ndikuyenda pakhonde lowazidwa ufa. Namwino akutola mapazi amene ndikusiya m'mbuyo, kuwaika m'lichero. Lakumanzere akulinunkhiza, kenako akunong'oneza mkazi wanga. Mkazi wanganso wavala jasi la udokotala, anayamba liti? Dzanja langa silikugwedezeka, lili m'thumba la munthu wina. Ndikufunsa zotsatira, onse akungopeta. Ndikuliyatsa liwiro.

Ndadzuka ndikuukayikira mwendo wanga womwe.

Panja, aneba anga ati, "Achimwene, usikuwu mwathamanga mpaka khoma kunjenjemera. Akakuyezeni muli m'tulo, mukakhoza ndithu."