Ndinavomera Mawu Amene Sindinawamve

Cholakwa changa chinali chaching'ono moti ndimachita manyazi pochinena. Bambo wina wamkulu anandiuza mawu, ine osawamva, koma ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Kugwedeza mutu kumeneko kunandilanda miyezi yomaliza yobereka mwana wanga kumbuyo. Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene tili kunja kuno, ndilekeni ndikuuzeni mmene zinayendera.

Ndimakhala ku Maryhill ndi amuna anga ndiponso mwana wathu Tadala, amene nthawi imeneyo anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Ndili ndi satifiketi ya umakaniko wa galimoto ya ku koleji ina konkuno ku Glasgow, koma sindinaigwiritsebe ntchito chifukwa ndinamaliza maphunziro ndili ndi pakati. Ndine munthu wamantha, ndivomere. Ndikamakankha ngolo ya mwana m'mbali mwa ngalande ya maboti imene imadutsa m'dera lathu lino, ndimagwira mpaka zala kuchita dzanzi. Komatu munthu wamantha yemweyo ndinali ndi loto langa.

Ku koleji anationetsapo chithunzi cha galimoto yothamanga kwambiri, yodulidwa pakati kuti tione zam'kati. Injini yake sinali kutsogolo ayi. Inali kumbuyo kwa woyendetsa, pakati pa mpando ndi matayala am'mbuyo, ngati mmene ife timaberekera mwana kuti kulemera kukhale pafupi ndi thupi. Bodi yake yopepuka, matayala am'mbuyo otambalala ngati lichero, ndiye kumchira kuli phiko loikidwa chozondoka, loti mphepo izikanikizira galimoto pansi m'malo moinyamula. Kuyambira tsiku limenelo galimotoyo inakhala m'mutu mwanga. Ndikamatsuka mabotolo a mwana ndinkaiona ikuyandama pamsewu wonyowa, yopanda phokoso, ine ndili m'kati.

Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwanga amuna anga anandipatsa envelopu. Anali atandigulira mwayi woyendetsa galimoto yotere maulendo angapo pa bwalo la mpikisano kunja kwa mzinda, mlangizi ali pambali. Anati, "Mayi a Tadala, mwatisokosa mokwanira ndi injini yakumbuyoyi. Pitani mukaione nokha, mwina m'nyumba muno tipumeko."

Tinafika m'mawa tonse atatu, mvula yowaza itangosiya, nkhungu idakali pamapiri. Galimotoyo inali yobiriwira, yaifupi yosafika ndi m'chiuno mwanga momwe. Polowa ndinachita kutsetsereka, n'kukhala pansi penipeni ngati pamphasa. Anandiveka chipewa choteteza mutu, n'kundimanga malamba.

Mlangizi wanga anali bambo wa imvi, msinkhu wa bambo anga ondibereka, wa nkhope yabwino koma wolankhula Chingerezi cha ku Glasgow chija chothamanga, chomeza mawu. Zambiri ndinamva: magiya amasinthidwa ndi timapiko tiwiri kuseri kwa chiwongolero, mabuleki ndi amphamvu, matayala akadali ozizira ndiye tiyambe pang'onopang'ono. Kenaka analoza kona ina yaitali pamapu a bwalolo, n'kundiyang'ana m'maso, amvekere, "Through here, dinnae lift, hen."

Ine mawu oti lifiti ndimawadziwa pawiri: ija yokwera m'nyumba zosanja, ndi ija yopempha pamsewu. Palibe inagwirizana ndi kona. Ndinati, "Sorry?" Iwo anabwereza chimodzimodzi, liwiro lomwelo. Apa ndi pamene ndinalakwa. Kwathu anatilera kuti wamkulu sumubwerezetsa kawiri. Kachiwiriko ndi mwano, kapena ukuonetsa kuti mutu wako ndi wouma. Ndiye ndinazolika maso, ndinagwedeza mutu, n'kunena kuti yes. Mumtima ndinati ndikazindikira konko.

Inu owerenga, sindikunamizeni, maulendo awiri oyamba anali okoma kuposa maloto aja. Injini inkang'ung'udza kumsana kwanga ngati amayi a mvano akamayamba nyimbo chapansipansi, kenaka n'kukweza mawu onse pamodzi. Ndikangosuntha chiwongolero pang'ono, galimoto yakhota kale, ngati yamva maganizo anga ndisanamalize kuganiza. Pamsewu woongoka ndinamva mphepo ikutikanikiza, galimoto ikulemera pamene liwiro likukwera, n'kumamatira pansi. Mipanda, udzu ndi nkhosa za kutali zinasungunuka n'kukhala mizere. Kwa nthawi yoyamba chibadwire Tadala, m'mutu mwanga munali zii. Sindinaganize za zenera, za chitofu, za chifuwa cha mwana. Ndinali ndekha, wopepuka.

Ulendo wachitatu tinafika pa kona yaitali ija tikuthamanga ndithu. Tili pakatikati pake, maso anga anagwera kumpanda wa oonerera. Ndinaona kajasi kachikasu ka Tadala m'manja mwa bambo ake. Mantha anga onse anabwerera nthawi imodzi. Ndinadzifunsa kuti ine mayi wa mwana ndikutani muno? Phazi langa linachoka lokha pamoto, lonse, mwadzidzidzi.

Bambo aja anakuwa mawu omwe aja, ndipo m'pamene ndinawamva. Ankatanthauza kuti usadzutse phazi. Chomvetsa chisoni n'chakuti nkhaniyi ndinkaidziwa, ndinailemba pamayeso n'kukhoza. Ukachotsa moto mwadzidzidzi, kulemera kwa galimoto kumathamangira kutsogolo, matayala am'mbuyo n'kupepukidwa. Tsono galimoto yobereka injini kumbuyo, pamsewu wonyowa, ili m'kati mokhota, mchira wake umafuna kupitirira mutu. Ndinamva mchirawo ukutsetsereka. M'malo modekha ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse n'kukoka chiwongolero. Makina othandiza kuti galimoto isaterereke anayesetsa, bambo aja anagwira chiwongolero, koma zinthu zinali zitapita kale.

Anthu amati ngozi imachitika mofulumira. Yanga inachedwa. Ndinaona udzu, mitambo, udzu kachiwiri, zikudutsa mwaulemu ngati ndili m'madzi. Kenaka tinamenya mpanda wa matayala, mbali yanga. Kunangoti zii, kupatula injini imene inkalira kuti thi, thi, thi, ikuzizira.

Bambo aja anatuluka ndi mikwingwirima chabe. Ine ndinathyoka fupa la paphewa ndipo khosi linavulala. Tikudikira ambulansi anagwada pambali panga, nkhope itagwa, n'kundifunsa pang'onopang'ono ngati ndinawamva poyamba paja. Ndinati ayi. Anandifotokozera ndi dzanja lawo, kulipendeketsa uku ndi uku, ndipo sizinatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Kenaka anafunsa chifukwa chimene sindinanenere. Ndikanawayankha chiyani? Kuti ndimawalemekeza? Ulemu wanga unatsala pang'ono kuwapha.

Zowawa zenizeni zinandipeza kunyumba. Tadala anali mwana wa kumsana. Tulo take tinali pamenepo, kulira kwake kunkathera pamenepo. Adokotala anandiletsa kunyamula chilichonse cholemera. Mwanayo ankakoka chitenje kuchokera pampando, n'kubwera nacho kwa ine akuchikwekweretsa pansi, n'kuima kumbuyo kwanga manja ali m'mwamba. Ine n'kumangoti, "Pepa mwanangu, mawa." Bambo ake anayesa kumubereka, chitenje n'kumamasuka, onse awiri n'kumatuluka thukuta. Tinkaseka, koma ine ndikalowa kubafa ndinkalira. Fupa linachedwa kugwirana. Tsiku limene anandilola, ndinathamangira chitenje chija, ndinawerama n'kumuitana. Anandiyang'ana, n'kuseka, n'kuthawira ku zidole zake. Anali atazolowera kuyenda yekha. Masiku amenewo sadzabweranso, ndipo ndinawataya ndekha.

Galimoto ija sindiida. Inachita zomwe anaipangira, ndipo mpaka lero ndikatseka maso ndimamvabe kuyandama kuja. Bambo aja sindiwaimba mlandu. Anandichenjeza kawiri, ine n'kuvomera. Chimene ndikupempha n'chakuti musamanamize anthu ndi mutu wanu. Kuno anthu amakhulupirira yes wanu, sadziwa kuti nthawi zina ndi ulemu chabe. Ine zinandipeza m'galimoto, koma ndikaganiza kuti ndagwedeza mutu kangati kwa adokotala akundiuza kamwedwe ka mankhwala a mwana, ndimaona kuti zikanatha kuipa koposa. Ngati simunamve, nenani. Funsani kachiwiri, kachitatu, auzeni alankhule pang'onopang'ono, ajambule papepala ngati n'kotheka. Manyazi ake ndi a kanthawi kochepa. Ndipo musanakwere chinthu champhamvu kuposa inu, bwerezani ndi pakamwa panu zimene mwauzidwa, kuti wokuuzaniyo amve ngati mwamvadi.

Tadala tsopano ali ndi zaka zitatu, ndipo amalankhula ngati ana a kuno. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, mayi wina wachikulire wa kwathu anamuuza kanthu, iye n'kukweza nkhope, amvekere, "Whit?" ndiye kuti, "Chiyani?" Mayiwo anadzidzimuka. Anati, "Iii, mayi a Tadala, mwana ameneyu mukumulera bwanji? Akuluakulu amawayankha choncho?"

Ndinawapepesa, ndipo mwanayo ndinamuphunzitsa pomwepo kuti azinena kuti, "Mwati bwanji, agogo?" Kenaka ndinatembenukira kwa mayiwo n'kuwapempha mwaulemu kuti abwereze zomwe ananena, chifukwa mwanayo sanamve.